Nambala ya Injini Imene Ndinamangitsira Alamu Anga

Amayi anzanga, ndapatsidwa nthawi yochepa ndipo sindiitaya ndi malonje aatali. Ndikudziwa kuti ena mwa inu simunabwere kudzaphunzira kanthu. Mwabwera kudzaona nkhope ya mayi amene anamangitsa mlamu wake. Yang'anani ndithu, nkhopeyo ndi ino. Mukakhuta kuyang'ana mutchere khutu, pakuti pakati panu pali amasiye amene amuna awo anawasiyira nyumba, munda kapena galimoto, ndipo anthu a malilime osalala ayamba kale kugogoda pa mageti anu.

Ine ndine NaPhiri, mkazi wa malemu a Kachiza a ku Area 47. Ndinaphunzira mpaka Fomu 4 pa nthawi imene atsikana ambiri a kwathu ankalekezera ku pulayimale, ndipo ndinagwira ntchito yotayipa makalata m'boma mpaka kupuma. Ndikutchula zimenezi kuti pasakhale wonena kuti ndinagwa chifukwa cha umbuli. Ndinagwa ndikudziwa kuwerenga, ndipo kuwerengako ndi kumene kunandikankha.

Amuna anga anali ndi galimoto ya dizilo yopangidwa ku Ulaya, imene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo, zaka zimene likulu linali litangosamukira kuno. Galimoto imeneyo inanyamula akwati a m'banja mwathu, inanyamula odwala ochokera kumudzi, inanyamula ndi maliro amene. Ikadwala, ankaikonza ndi alamu anga a Yohane, mng'ono wawo wa amuna anga, amene ali ndi galaja ku Old Town kuseri kwa ogulitsa matabwa. Mipando itang'ambika anaisoka ndi a Saidi a ku Malangalanga. Penti wake woyamba, wa mtundu wa chigoba cha dzira, atasuluka, anaipaka wobiriwira. Sindinafunsepo kuti m'boneti muli chiyani. Inkayenda, ndipo zinali zokwanira.

Amuna anga atamwalira tinakawaika kwawo, kufupi ndi Nsaru. Ndinene pamaso pa nonse kuti abale awo sanatenge ngakhale supuni m'nyumba mwanga. Mlongo wawo wamkulu, mayi Esinati, ndiye anaimirira pa nsanja ya maliro n'kunena kuti nyumba ndi galimoto ndi za mkazi ndi ana. Ambiri a inu simunaone chifundo chotero. Ine ndinachiona, n'kuchiponda.

Patapita miyezi ingapo, mwana wanga Tadala akundiyendetsa kuchokera kutchalitchi, bambo wina anatiimitsa pothira mafuta. Dzina lawo a Chiwaya, a ku Area 14, munthu wa suti yosalala ndi mawu ofewa. Anaizungulira galimoto ija katatu, manja kumbuyo.

"Madamu, mukudziwa chimene mukuyendamo?" anatero. "Izi zatsala zowerengeka m'dziko muno. Tili ndi kagulu kathu ka okonda magalimoto akale, ndipo Loweruka tikuonetsa ku City Centre. Mubwere nayo, anthu akaone kuti bambo anali munthu wa maso."

Mawu omalizawo ndi amene anandikola. Ndinali ndi njala yomva amuna anga akutamandidwa. Loweruka lija ndinavala bwino, Tadala anaitsuka mpaka kuwala, tinakaima pa mzere wa magalimoto ena pa kapinga. Anthu anajambula zithunzi. Kenako a Chiwaya anabwera ndi anzawo atatu, n'kupempha kuti titsegule boneti. Anawerama, anaunika ndi foni, anapempha bulubuku, buku lija la umwini wa galimoto, n'kuyerekeza manambala. Anadzuka akupukusa mutu.

"Pepani madamu, thupi ndi lake koma mtima si wake. Injini iyi ndi ya pikapu ya ku Japan. Nambala sizikugwirizana ndi za m'buku. Mipando ndi ya kwa telala, penti ndi wopakira mageti. Ife timayang'ana orijino, chimene chinatuluka ku fakitale. Iyi pakati pathu timaitcha chigamba."

Anzawo aja anaseka, osati mokweza, koma kuseka kwa anthu ophunzira, kwa m'mphuno. Mmodzi anati: "Ikanakhala ndi injini yake, bwenzi ili mfumu ya pano." Ndiye a Chiwaya anandiyang'ana ndi nkhope yachisoni n'kufunsa funso limene linandiwononga: "Koma madamu, ndani anakuchitani chipongwe chotere?"

Palibe amene anandichita chipongwe. Koma ndinafika kunyumba ndili ndi dzina pakamwa.

Lolemba m'mawa ndinapita ku galaja ya a Yohane. Ndinawapeza atagona pansi pa minibasi. Anatuluka akumwetulira, n'kundikokera mpando.

"Alamu, mwatiyendera. Galimoto yavuta?"

"Sindikhala. Injini ya amuna anga ili kuti?"

"Ili m'galimoto, alamu. Yakhala ikukunyamulani zaka makumi awiri."

"Sindikunena chitsulo cha pikapu chimene munaponyamo. Ndikunena yake yeniyeni, ya nambala ya m'buku."

Anapukuta manja pa chisanza kwa nthawi yaitali. "Imeneyo inapita kumene achimwene anaituma."

"Kuti?"

"Akanafuna kuti mudziwe, akanakuuzani okha."

"Mwapeza mboni yabwino," ndinatero. "Akufa sayankha."

Kuyambira pamenepo ndinatsetsereka mofulumira. Ndinakumbukira kuti kale galimoto inakhalapo mwezi wathunthu ku galajako, amuna anga n'kungondiuza kuti injini yatopa. Ndinakumbukiranso kuti chaka chomwecho pikapu ya a Yohane inasowa, ndipo ine ndinkauza anzanga kuti anaimwera mowa. Ndinalumikiza zinthu zimenezi monga mmene mtima woipa umalumikizira. Ndinaitana amakaniko a a Chiwaya. Anachotsa injini ya pikapu ija n'kuiponya kuseri kwa nyumba, pa mtetete. Anazula mipando ya a Saidi, ndipo ine ndi manja angawa ndinaitentha pa dzala. Anapala penti yense. Galimoto imene inkayenda tsiku lililonse inakhala chigoba pa njerwa, kudikira zipangizo zenizeni zimene a Chiwaya ankati zikubwera kuchokera kunja. Ine ndinayamba kukwera minibasi, koma ndikuyenda monyada, poti tsopano ndinali mwini wa chinthu chopanda chigamba.

Tadala anayesa kundiletsa. "Amayi, adadi anakwera galimoto imeneyi mpaka sabata yomaliza. Mukuganiza kuti sankadziwa chimene chili m'boneti?"

"Bambo ako anali munthu wofatsa, abale awo ankawadyera masuku pamutu. Usapondenso ku galaja kuja."

Kenako ndinatenga bulubuku n'kupita kupolisi. Ndinalemba ndekha dandaulo, m'Chingerezi chabwino, kuti injini ya nambala yakuti inachotsedwa popanda chilolezo ndipo amene anaichotsa akukana kunena kumene ili. Apolisi anagwira ntchito yawo malinga ndi zimene ndinalemba. Anakawatenga a Yohane Lachisanu masana, ali mu ovolosi, makasitomala awo akuona. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wodwala shuga, anagona m'chitolokosi masiku atatu. Anatuluka pa belo miyendo itatupa, osatha kuvala nsapato. M'masiku atatu onsewo anawafunsa kumene injini ili, ndipo sananene.

Inu amene mukupukusa mitu kumbuyoko, pukusani. Koma dziwani kuti nthawi imeneyo ena a m'gulu lomwe lino anandiimbira foni kundiyamikira, kuti ndaonetsa abale a mwamuna kuti mkazi wamasiye si woseweretsa. Sinditchula maina. Eni ake akudzidziwa.

Sabata yotsatira mayi Esinati anafika pa geti langa. Ndinawauza kuti alowe, anakana. Anayang'ana chigoba chija pa njerwa, kenako ine.

"NaPhiri, ndabwera ndi mawu a banja. Chiliza cha mlongo wanga timanga mwezi wa Okutobala. Inu musabwere."

"Ndi amuna anga. Simungandiletse."

"Manda ali kwathu. Mwamuna wanu muli naye kale pa njerwa apo. Muzimulira yemweyo."

Anatembenuka n'kumapita. Ine ndinawakuwira kumbuyo kuti akauze mbale wawo abweze chimene anaba. Umo ndi mmene ndinatsikira. Zaka makumi anayi ndinakhala ndi munthu, ndipo tsiku loika mwala pa manda ake ndinali woletsedwa, koma ndinkaganizabe za nambala.

Nambalayo ndinailemba pa kapepala n'kuika m'buku langa la nyimbo. Miyezi itatu ndinayendayenda m'malo ogulitsa zitsulo zakale, ku Old Town, ku Biwi, ku Mchesi, ndikupukuta ma injini ndi nsonga ya chitenje kuti ndiwerenge. Ogulitsa ankati akandiona, "Abwera amayi a nambala aja." Posakhalitsa kapepala sindinkakafunanso. Nambala ndinailoweza kuposa vesi lililonse.

Tsiku la mlandu litayandikira, ndinapita kumudzi kwathu, kuseri kwa Mitundu, kukatenga alongo anga a Matiyasi. Iwo ndiwo mwini mbumba wathu, ndipo ndinkafuna kuti akakhale pambali panga kukhoti. Ndinali nditawatumizira uthenga kawiri konse, osayankha. Ndinawapeza ku chigayo chawo, chimene chakhala chikugayira midzi inayi kwa zaka zambiri, chimene chinaphunzitsa ana amasiye a malemu mng'ono wanga, chimene ufa wake ine ndemwe ndinkalandira chaka chilichonse. Tsiku limenelo lamba anali ataduka, chigayo chili chete, amayi atakhala panja ndi matumba awo.

"Achimwene, mauthenga anga simunawalandire?"

"Ndinalandira, mlongo. Ntchito yachuluka. Khalani pa thumbapo, ndilumikize lambayu."

Ndinakhala. Iwo anapitiriza kusoka lamba, osandiyang'ana. M'kachipinda kaja munali fungo la dizilo ndi gaga. Patsogolo panga panali injini yoyendetsa chigayo, yomangidwa pa zitsulo za njanji, yoyera ndi ufa ngati yadzola. Ndinali nditaiona kambirimbiri. Koma dzanja langa linali litazolowera. Popanda kuganiza ndinatenga nsonga ya chitenje, n'kupukuta pambali, pamalo osalala pamene nambala imakhala.

Ufa unachoka, pansi pake panali girizi wouma. Ndinapukutanso. Panatuluka chilembo choyamba, kenako nambala ziwiri. Ndinaleka. Ndinamva kuti alongo anga nawonso aleka kusoka. Ndinalavulira pa chitenje n'kupukuta mpaka kumapeto. Sindinatulutse kapepala. Ndinawerenga kamodzi, kuyambira kumanzere, ndipo milomo yanga inamaliza nambalayo maso asanafike kumapeto.

Panja amayi ankaseka nkhani zawo. Nkhuku inalowa, n'kutola gaga pafupi ndi phazi langa.

"Achimwene," ndinatero, "injini iyi munaigula kuti?"

Anaika lamba pansi. Ine ndinapitiriza:

"Munatiuza kuti munaigula ndi ndalama za fodya."

"Fodya wake uti, mlongo? Chaka chimenecho chigafa chinapsa ndi fodya yense. Mukukumbukira. Mng'ono wanu anali atangomwalira, ana asanu ali pakhomo panga. Ndinapita kwa alamu a Kachiza kukalira. Patatha mwezi anabwera ndi a Yohane, injini ili pa lole. A Yohane ndiwo anaimanga apa, masiku anayi, akugona m'chigayo muno."

"Nanga m'galimoto anaikamo ya kuti?"

"A Yohane anazula ya pikapu yawo. Anati achimwene awo sangayende pansi."

Pikapu imene ndinkati anaimwera mowa. Injini imene inali kuseri kwa nyumba yanga, mvula yonse ya chaka chimenecho itaigwera.

"Chifukwa chiyani sindinauzidwe?"

"Alamu anakaniza. Anati mkamwini akaoneka kuti ndiye akudyetsa mudzi, mwini mbumba sakhalanso ndi mawu pa ana a alongo ake. Anati anthu adziwe kuti chigayo ndagula ndine. Anatilumbiritsa ine ndi a Yohane kuti ngakhale inu musamve, poti mukanandiyang'ana mwa mtundu wina."

Apa ndiye ndinaimirira. "Munamva kuti a Yohane amangidwa?"

"Ndinamva."

"Munamva kuti agona m'chitolokosi masiku atatu chifukwa cha chitsulo ichi?"

"Ndinamva, mlongo. Ndinachita manyazi."

"Manyazi anu anagona pa mphasa, a Yohane anagona pa simenti."

Amayi anzanga, mundimvetse bwino, sindikutula mtolo wanga pa mutu wa alongo anga. Iwo anakhala chete, koma dandaulo ndinalemba ndine. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinafunsa kamodzi kokha, nditaweruza kale. Munthu wa banja la eni anasunga ulemu wa banja langa ali m'chitolokosi, ine mwini wake ndikumutcha wakuba.

Nditabwerera ku tauni ndinalakwitsanso kamodzi: ndinawauza a Chiwaya kuti injini yapezeka. Anafika kunyumba tsiku lomwelo, nkhope ikuwala.

"Madamu, Mulungu ndi wabwino. Tikaitenge mawa. Tikaitsuka n'kuibwezera, nambala zigwirizana, galimoto yanu ikhala orijino. Mtengo wake ukwera moti simungakhulupirire."

"Nanga chigayo?"

"Aaa, chigayo angathe kuika injini iliyonse. Chimanga sichiwerenga nambala."

"Nanga odwala amene galimoto iyi inanyamula zaka makumi awiri, ankawerenga?"

Anaseka pang'ono. "Madamu, musasakanize nkhani. Pa malamulo a magalimoto akale, chimene sichinachoke ku fakitale ndi feki."

"Bambo Chiwaya, fakitale inaipanga galimoto iyi masiku angati?"

"Sindingadziwe, mwina sabata."

"Amuna anga ndi mng'ono wawo anaipanga zaka makumi anayi. Inu munatsegula boneti kwa mphindi ziwiri, n'kundifunsa kuti ndani anandichita chipongwe. Lero ndili ndi yankho. Geti ndi ilo, ndipo amakaniko anu asabwerenso."

Anachoka akung'ung'udza kuti anthu akuda sitidziwa kusunga mbiri. Munthu wakuda mnzanga, wa ku Dowa. Sindinena kuti kusunga chinthu monga chinabadwira ndi tchimo. Amene ali ndi galimoto yosakhudzidwa, imene inakhala m'galaja osanyamula maliro a munthu, aisunge ndithu, aipukute Loweruka lililonse. Koma asaime pa kapinga n'kumaseka zigamba za anzake asanafunse kuti chigambacho anasoka ndani, ndipo anang'amba malaya a yani kuti asoke.

Tsopano njira yobwerera. Inali yaitali kuposa yotsetserekera, ndipo simunali kuimba m'menemo.

M'mawa mwake ndinapita kupolisi ndi kalata ina, yothetsa dandaulo. Ndinalembamo momveka kuti ndinanamizira munthu wosalakwa. Wapolisi anandiuza kuti ndingathe kungolemba kuti tagwirizana pachibale. Ndinakana, chifukwa bodza ndinalilemba ndi mawu athunthu, ndipo choona sichikanayenera kulowa ndi mawu oduka.

Kenako ndinaitana ankhoswe a ukwati wathu amene akali moyo, nkhalamba ziwiri, n'kutenga nkhuku, kupita ku Nsaru. Alongo anga a Matiyasi ndinawauza kuti akapanda kukwera nawo, ine ndikaima pa chigayo n'kuuza midzi inayi ndekha. Anakwera. Kumeneko anatiyalira mphasa pabwalo, ine ndinakhala pa dothi. A Matiyasi anafotokoza zonse pamaso pa abale a amuna anga. Ulemu umene amuna anga ndi a Yohane anawasungira zaka makumi awiri unathera pomwepo, ndipo ndi ine ndinauthetsa. Chinsinsi cha amuna anga ndinachiulula ndine, kuti ndikonze chimene ndinaswa. Zimenezonso zili pa mutu panga.

Mayi Esinati anamvetsera mpaka kumapeto. Nkhuku analandira, koma nkhope sinasinthe.

"Tamva. Koma amene anagona pa simenti si ine. Ngati Yohane adzakunyamulani yekha pa tsiku la chiliza, mubwere. Akapanda kutero, khalani kwanu ku Area 47."

A Yohane sanabwere pa bwalolo. Ndinabwerera ku tauni, ndinapeza lole, n'kukweza chigoba chija pamodzi ndi injini yawo, yofiira ndi dzimbiri, kupita nazo ku Old Town. Ndinagwada pa dothi la oilo, anthu ogula matabwa akuyang'ana.

"Alamu, ndinakulakwirani. Ndaiona injini ku Mitundu."

Anayang'ana injini yawo, osati ine. Analowetsa chala m'bowo lina, chinatuluka ndi madzi a dzimbiri.

"Mayi Kachiza, dzukani, mudetsa zovala," anatero. Chikwatiwireni m'banja lawo anali asananditchulepo choncho. "Galimoto ndikonza, chifukwa ndi ya achimwene. Za inu ndi ine, musandifunse."

Sindinafunse. Ndinkapita tsiku lililonse, kukhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka atatseka. Akafuna chipangizo, ndinkapita ndine kukachifuna, kwa ogulitsa omwe aja ankanditcha amayi a nambala. Ndinkabwera ndi chakudya choyenera munthu wa shuga. Masabata awiri oyamba ankachipereka kwa mlonda. Sabata yachitatu anadya. Ndinapita kwa a Saidi kukapempha mipando ina. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti: "Mama, nsalu ija anasankha okha malemu, ndipo inatha kalekale m'sitolo. Ndisoka ina, koma ija mwatentha, mwatentha." Penti tinapaka wobiriwira yemwe uja, wa mageti. Injini italira, ndinatenga bulubuku n'kupita ku ofesi yolembetsa magalimoto, kukasinthitsa nambala. Lero m'bukumo muli nambala ya injini ya a Yohane. Aliyense wofuna kuyerekeza apeza kuti zikugwirizana.

M'masabata onsewo anali kunditchabe mayi Kachiza, ndipo za chiliza sanatchulepo. Galimoto itatha anaisunga ku galaja, makiyi m'thumba mwawo.

Tsiku la chiliza ndinadzuka m'mamawa, ndinavala, n'kukhala pakhonde ndi Tadala. Sindinkadziwa ngati ndikuvalira ulendo kapena manyazi. Dzuwa linakwera. Tadala anafuna kuimba foni, ndinamuletsa. Itadutsa eyiti koloko tinamva kulira kwa dizilo kumene makutu anga akudziwa pakati pa magalimoto chikwi. Inaima pa geti. A Yohane sanatsike, sanaimbe hutala. Anangotambasula dzanja n'kutsegula chitseko cha kumbuyo.

Tinayenda mpaka phula linatha. Pafupi ndi mudzi pali kamtsinje kouma nthawi ya chilimwe, ndipo pamenepo matayala a kumbuyo analowa mumchenga. Anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, inangokumba. Panalibe munthu pafupi, onse anali kumanda, ndipo nyimbo zinkamveka chapatali. A Yohane anauza Tadala kuti agwire chiwongolero, iwo anatsika kukakankha. Ine ndinavula nsapato, n'kutsika, n'kuika manja pa buti pambali pawo. Nkhalamba ziwiri, wina wa shuga, wina wa nyamakazi. Tayala linatiwaza mchenga kumaso, utsi unandidetsa bulauzi. Galimoto inagwedezeka, n'kubwerera.

"Alamu," anatero mokalipa, "kankhani mbali yanuyo, mukundilemetsa."

Ndinakankha. Inatuluka.

Tinafika mwambo utayamba. Ndinayenda pakati pa anthu ndili wopanda nsapato, mchenga m'tsitsi, mwaye pachifuwa. Mayi Esinati anali pa mphasa ya kutsogolo, pafupi ndi mwala. Anayang'ana mbale wawo, anayang'ana mwaye uja. Sanamwetulire, ndipo mpaka lero sanandimwetulirepo. Anangosendera pang'ono, n'kusiya malo okwana munthu mmodzi.

Mwamva zimene munabwerera. Wina akadzaima pa geti lanu n'kukuuzani kuti chimene amuna anu anasiya chikanakhala cha mtengo wapatali pakanapanda manja a abale, musathamangire kupolisi monga ine. Pitani kaye mukafunse manjawo, mutakhala pansi, ndipo akakana kuyankha, ganizani kuti mwina akusunga ulemu wa kwanu komwe. Mipando ija sindidzaionanso, ndipo miyendo ya alamu anga sinabwerere mwakale.

Galimotoyo ili panjapo, pansi pa mtengo, yobiriwira. Boneti sindinakhome. Wofuna kuona chigamba akatsegule, aone injini ya pikapu ya alamu anga a Yohane. Koma wofuna kuseka adikire ndichoke kaye.